Mwana akudziwa yankho, nanga mamalikisi akuthawira kuti?

Mayi wina wa ku Mufakose, ku Harare, wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 3, ndipo teremu yatha anataya mamalikisi pa mafunso awiri. Loyamba linati ayerekeze 19% ya $412. Iye anawerengetsera bwinobwino n'kupeza $78.28, koma aphunzitsi anamuchotsera. Lachiwiri linati aonetse kuti mathirayango awiri ndi congruent (ofanana ndendende kukula ndi maonekedwe), iye n'kulemba kuti akuoneka ofanana, ndipo sanapatsidwe kanthu. Mayiwo akufunsa kuti: "Kodi aphunzitsiwa sakungomupondereza mwanayu?"

Ayi Mayi, sakumupondereza. Mtsikana wanu masamu amawatha, koma wasinthanitsa zinthu. Pamene anangofunika kuyerekeza anadzivutitsa kufuna yankho lenileni, ndipo pamene panafunika umboni anadalira maso.

Za peresenti sizitenga nthawi. Funso likati estimate, akufuna kuona manambala atasandutsidwa osavuta kuwerenga ndi mutu. 19% ili pafupi ndi 20%, 412 ili pafupi ndi 400. Tsono 10% ya 400 ndi 40, kuwirikiza kawiri 80, basi. Yankho ndi $80, ndipo mzere woonetsa 20% ya 400 uyenera kulembedwa, chifukwa malikisi ali pamenepo. Azidziwanso komwe yankho lapendekera. Pa 48% ya 790, manambala onse awiri timawakweza kukhala 50% ya 800, ndiye 400 yomwe tapezayo yaposa yankho lenileni, lomwe ndi 379.2. Luso limeneli lidzamuthandiza pa Paper 1 ya mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso ku Zimbabwe, pomwe kakyuleta saloledwa.

Pa mathirayango ndi pomwe ndikufuna tikhalitse. Awiri amakhala congruent ngati mutadula imodzi n'kuisanjika pa inzake, zikwanirana ndendende. Chithunzi cha papepala la mayeso nthawi zambiri sichijambulidwa ndi miyeso yeniyeni, choncho maso alibe ntchito. Njira zovomerezeka ndi zinayi zokha. SSS ndi pamene mbali zonse zitatu zafanana. SAS ndi mbali ziwiri ndi ngodya ya pakati pa mbalizo. AAS ndi ngodya ziwiri ndi mbali imodzi yokhala pamalo ofanana m'mathirayango onse awiri. RHS ndi ya thirayango yokhala ndi ngodya ya madigiri 90, pomwe mbali yaitali kwambiri ndi mbali ina imodzi zafanana.

Tiyerekeze thirayango ABC, pomwe AB ndi AC n'zofanana ndipo M ali pakatikati pa BC. Mwana alembe mizere itatu, uliwonse ndi chifukwa chake. AB = AC, tapatsidwa m'funso. BM = CM, poti M ali pakatikati. AM ndi mbali ya onse awiri. Kenako atseke kuti ABM ndi ACM ndi congruent, SSS. Mbali yogawana ija ana ambiri amaidumpha chifukwa palibe nambala yolembedwapo. Asamalenso ndondomeko ya zilembo: B amayendera limodzi ndi C, ndiye kulemba ABM ndi AMC n'kulakwa.

Msampha waukulu uli pa SAS. Ngodya ikakhala kuti si ya pakati pa mbali ziwirizo, umboni wagwa. Musangomuuza, achite ndi manja ake madzulo ano pa tebulo. Ajambule mzere AB wa 10 cm. Pa A ayeze ngodya ya madigiri 30, akoke mzere wautali. Atsegule kampasi 6 cm, abaye pa B, azungulitse. Pensulo idula mzere wautali uja pawiri, koyamba pafupifupi 5.3 cm kuchokera pa A, kachiwiri pafupifupi 12 cm. Miyeso itatu yomweyo yabala mathirayango awiri osiyana, wina wamfupi wina wautali. Mwana amene waona izi ndi maso ake salembanso SSA, mbali ziwiri ndi ngodya yosakhala pakati pake.

Ngodya zitatu zofanana nazonso sizikwanira. Thirayango yaing'ono ndi yaikulu zitha kukhala ndi madigiri 60 pangodya iliyonse, koma ina mbali zake 3 cm, ina 9 cm. Zimenezo m'buku lake azipeza pa mutu wa similar triangles.

Pomaliza Mayi, pemphani aphunzitsi akubwezereni pepala lija. Khalani naye pansi alembenso mafunso awiriwo, ndipo pa mzere uliwonse wa umboni muzimufunsa kuti, "Wadziwa bwanji?" Akayankha, yankholo alilembe pambali pa mzerewo.