Tifunseni: Kodi John Chilembwe anali m'busa kapena msilikali?

Funso: Zikomo a Mkonzi. Ine ndimaphunzitsa sitandade 7 kuno ku Phalombe, ndiye tsiku lina mwana wina anandifunsa kuti sala, munthu wapa K2000 uja bwanji mumati anali abusa pomwe nkhani yake ndi ya nkhondo yokhayokha? Ndinangoti tikambirana mawa koma mpaka pano mawalo silinafike kkk. Tandithandizeni.
Mphunzitsi, Phalombe

Yankho: Aphunzitsi, mwanayo mumugulire zigege, wafunsa zomwe akuluakulufe sitifunsa. Nkhondo imene timaitchula chaka ndi chaka pa 15 Januwale ija sinakwane ndi sabata ziwiri zomwe, inayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915 ndipo pa 3 Febuluwale mkuluyo anali atawomberedwa kale cha ku Mulanje akuthawira ku Mozambique. Pomwe choko ndi Baibulo anakhala nazo zaka pafupifupi 15.

Chilembwe anayamba ngati wantchito wa m'nyumba kwa mmishonale Joseph Booth mu 1892, chaka chotsatira n'kubatizidwa. Mu 1897 Booth anapita naye ku America komwe anakaphunzira zaubusa pa koleji ya anthu akuda ku Lynchburg, Virginia, ndipo mu 1900 anabwerera atadzozedwa n'kutsegula Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, Chiradzulu, ndi thandizo la National Baptist Convention, bungwe la mipingo ya Baptist ya anthu akuda ku America. Mawu oti Industrial amenewo musawadumphe mukamaphunzitsa. Pa PIM sikunali kungoimba nyimbo ayi, anthu ankaumba njerwa, kulima, kuphunzira kuwerenga ndi Chingerezi, amayi ankasoka zovala ndi mayi busa Ida komanso Emma DeLaney, mayi wachikuda amene anabwera kuchokera ku America mu 1902. Abusawo ankafuna munthu wakuda avale bwino, ayende mutu uli m'mwamba, nthawi yomwe ukakumana ndi mzungu umayenera kuvula chipewa. Pofika 1912 masukulu ake anali ndi ana pafupifupi 1000.

Ndiye mpungwepungwe unachokera pomwepo. Pafupi ndi mishoni panali esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kwa thangata woopsa, ndipo manijala wake William Jervis Livingstone ankaotcha timatchalitchi taudzu tomwe anthu a PIM ankamanga, tomwenso tinali makalasi. Inu aphunzitsi tangoganizani mwamanga kalasi ndi manja anu wina n'kudzayatsa, kawiri katatu, kenako njala, msonkho, mu 1914 anyamata akukafera ku Karonga pa nkhondo ya azungu okhaokha.

Komanso anawo musawabisire. Anthu a Chilembwe anapha azungu atatu, ndipo mutu wa Livingstone unaikidwa m'tchalitchi Lamulungu abusa akulalikira. Ine pamenepa sindimayamikira ayi, ngakhale ndimamva chomwe chinawafikitsa pamenepo.

Boma linagumula tchalitchi cha njerwa chija ndi mabomba n'kutseka mishoni. Amene anadzatsegulanso mu 1926 ndi Dr Daniel Sharpe Malekebu, mnyamata yemwe anaphunzira pa PIM pomwepo n'kutsatira DeLaney ku America mpaka kukhala dokotala. Kuchokera ku Phalombe kukafika ku Mbombwe sipatali, musonkhetse ya basi teremu ikubwerayi anawo akadzionere okha mabwinja a tchalitchicho.