Yankho kwa mayi wa zitenje: za kuboola khoma la msika wakale

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Mwati mumachita lendi chipinda m'nyumba yakale ya msika kuno ku Zomba, denga likudonthera zitenje zanu, m'katimo muli mdima, ndiye mukufuna kuboola khoma kuti muike windo ndi chitseko chachitsulo. Mkulu wa msika wakuletsani, akuti nyumbayo ndi yotetezedwa ndi boma, ndipo mukufunsa ngati ali ndi mphamvu zotero.

Mmisiri wanuyo muuzeni ayambe wadikira. Nyumba imene nduna yailengeza kuti ndi yotetezedwa pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act siigumulidwa kapena kusinthidwa popanda chilolezo cholembedwa, ndipo kutero ndi mlandu. Mlanduwo ungagwere inuyo amene mwalamula ntchito, osati wogwira hamala yekha.

Komabe ukalamba wokha suchititsa nyumba kukhala yotetezedwa. Zomba anali likulu la dziko mpaka 1975, choncho nyumba za nthawi ya atsamunda zilipo zambiri, monga ya Masongola ija ya mu 1886. Chofunika ndi umboni. Lemberani khonsolo kalata yopempha chikalata chosonyeza kuti nyumba yanuyo inalengezedwa mu Gazette, nyuzi ya boma yolengezeramo malamulo ndi zidziwitso, kapena ili pa mndandanda wa boma. Nthambi ya Museums and Monuments ndiyo imayang'anira malo oterewa, ndipo lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakupatsani ufulu wofunsa zimenezi. Zikapezeka kuti si yotetezedwa, khomalo ndi la khonsolobe, inu ndinu wa lendi, ndipo lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafunanso chilolezo pa kusintha kwakukulu kwa nyumba.

Ndikufuna mumvetse chifukwa chake, chifukwa anthu ambiri amayesa ndi kukakamira zakale chabe. Mukafika mawa, yang'anitsitsani khomalo. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo anamanga ndi njerwa zootcha, makoma okhuthala, pomata ndi laimu kapena dothi, osati simenti. Laimu amalola chinyezi kutuluka. Mukapakapo simenti, madzi amatsekeredwa m'kati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka, ndipo mvula ya m'munsi mwa phiri lino mukuidziwa nokha. Pamene pamwamba pa khomo pali pokhota ngati uta, njerwa zimenezo n'zimene zimasenza kulemera n'kukutsitsira m'mbali. Kuboola pafupi pake kungang'ambe khoma mpaka kwa mnzanu wa chipinda chinacho, ndipo akakusumirani mudzalipira katundu wake. Denga lalitali ndi timipata ta pansi pa malata n'zimene zimatulutsa kutentha. Ine zimandipweteka kuona timipata timeneti tikutsekedwa ndi njerwa, kenako anthu n'kumadandaula thukuta m'mwezi wa October.

Za denga lodontha, apa ndiye mukhoza kulimba mtima. Mumalipira lendi, ndipo ndi bwino kuti mwini nyumba ndiye akonze, pokhapokha pangano lanu litanena zina, choncho kaliwerengeni. Jambulani pafoni pamene pakudontha ndi zitenje zoonongeka, sungani malisiti onse, ndipo lemberani mkulu wa khonsolo kudzera ku komiti ya msika. Kalata yosainidwa ndi amalonda ambiri imamveka msanga. Kope lanu alidinde ndi kulembapo tsiku. M'kalata yomweyo pemphani zinthu zosavulaza khoma: lata loonekera kuti muzilowa kuwala, getsi, kapena chitseko chachitsulo cholowa m'felemu yomwe ilipo kale. Lendi musasiye kulipira chifukwa cha mkwiyo, mungawapatse chifukwa chokutulutsirani.

Akakana, Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa zake polemba. Mawu apakamwa akuti "sizitheka" si yankho lokwanira. Akangokhala chete kapena akakuchitirani zosalungama, kadandauleni kwa Ombudsman, ndi kwaulere. Njira ina ndi kupempha bwalo la High Court, lomwe lilinso kuno ku Zomba, kuti liunikenso chiganizocho, koma pempholi liyenera kulowa pasanathe miyezi itatu chiganizo chiperekedwere. Bwalo limaona ngati anatsata ndondomeko ndi kukumvani, silingokupatsani windo. Ndalama za loya zikakuvutani, pitani ku Legal Aid Bureau mutatenga pangano la lendi, malisiti, zithunzi ndi kope la kalata yodindidwa ija.