Za China ndi Taiwan: yang'anani mabwato obwerera kukatenga gulu lachiwiri

Achimwene, mwafunsa ngati nkhondo zakale zingatithandize kudziwiratu mmene China ingathirire nkhondo Taiwan, ndipo ambiri amene akuyankhani athamangira ku Normandy, gombe la ku France komwe asilikali a Amerika, Britain ndi anzawo anatsikira pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, akuti zidzangokhala ngati za mu 1944. Ndiloleni nditalikitseko, chifukwa nkhani za nkhondo zowoloka nyanja ndakhala ndikuziwerenga kwa zaka zambiri. Mbiri imathandizadi, makamaka potionetsa pomwe ankhondo owoloka nyanja amapunthwira. Kutsitsa gulu loyamba pagombe ambiri amakwanitsa. Chimawagwetsa ndi gulu lachiwiri, komanso chakudya, mafuta ndi zipolopolo za mawa lake.

Tisanapite kutali ku Ulaya, China yomweyo inalawapo kale zimenezi. Mu Okutobala 1949, asilikali a Mao Zedong, mtsogoleri wa achikomyunizimu, atalanda pafupifupi dziko lonse, anawolokera pachilumba cha Kinmen, chomwe chili pafupi kwambiri ndi mzinda wa Xiamen, mtunda wa makilomita pafupifupi 10 basi. Anatumiza asilikali pafupifupi 9,000 usiku, m'mabwato amatabwa olanda kwa asodzi. Maganizo awo anali oti mabwatowo akatsitsa anthu abwerere msanga kukatenga ena. Koma madzi a m'nyanja yamchere amakwera n'kuphwa tsiku lililonse, ndiye ataphwa mabwato aja anatsakamira pamchenga. Kutacha, asilikali a Chiang Kai-shek, mtsogoleri wa boma lomwe pambuyo pake linathawira ku Taiwan, anawaombera ndi kuwatentha pomwepo. Anzawo kutsidya ankangoona utsi, chowolokera alibe. M'masiku atatu onse amene anafika pachilumbacho anali ataphedwa kapena kugwidwa. Mpaka lero Kinmen ili m'manja mwa Taiwan. Ndikaganiza za anyamata amenewo, atayima pagombe kuyembekezera anzawo osabwera, mtima umandiwawa, posatengera kuti anali a mbali iti.

Tsono yerekezani: kuchoka ku China kukafika pachilumba chenicheni cha Taiwan, pamalo opapatiza kwambiri, ndi makilomita pafupifupi 130.

Za Normandy anzathu sakunama, kungoti akuona chithunzi cha asilikali akutsika m'madzi osaona zomwe zinali kumbuyo kwake. Pa 6 Juni 1944 Amerika, Britain ndi anzawo anatsitsa asilikali pafupifupi 156,000 tsiku limodzi, ndi sitima ndi mabwato pafupifupi 7,000. Mlengalenga munali mwawo, ndege za Germany zinali zitachepa kwambiri. Anapusitsanso Hitler kuti nkhondo yeniyeni idzafikira ku Calais, dera lina la gombe la France, mpaka anapanga gulu lankhondo labodza lotsogoleredwa ndi mkulu wa asilikali wa ku Amerika, George Patton, moti Ajeremani anasunga asilikali ambiri kumeneko kwa masabata angapo. Koma chimene chimandigometsa ine ndi madoko. Mu Ogasiti 1942 anayesa kuukira doko la Dieppe ku France komweko maso ndi maso, ndi asilikali pafupifupi 6,000, ambiri a ku Canada, ndipo oposa theka anaphedwa, kuvulazidwa kapena kugwidwa. Anaphunzira kuti doko lotetezedwa salowa nalo chamutu. Ndiye ku Normandy anabwera ndi madoko awoawo opangira ku Britain, otchedwa Mulberry, n'kuwakoka panyanja kudzawalumikiza pagombe. Patangotha masabata awiri namondwe anaphwanya limodzi.

Amene munatsikapo Ilala pamalo opanda doko mukudziwa nthawi yomwe imatha kuti anthu ndi katundu afike kumtunda ndi timabwato, makamaka mwera ukamaomba. Tsono m'malo mwa matumba a ufa ikanipo akasinja, ndipo kumtundako kukhale anthu akukuomberani.

Ngakhale Amerika mu 1944 inakonza zolanda Taiwan kwa Ajapani, n'kuzisiya itaona kuchuluka kwa asilikali ofunika, ndipo inasankha zilumba za Luzon ndi Okinawa. Chilumba cha Taiwan sichinasinthe. Kum'mawa ndi mapiri okhaokha, lalitali kwambiri latsala pang'ono kufika mamita 4,000. Kumadzulo gombe lambiri ndi lamatope, kuseri kwake mizinda yothithikana, chifukwa anthu oposa 23 miliyoni ambiri amakhala mbali imeneyo. Magombe otsitsirapo akasinja ndi ochepa ndipo asilikali a Taiwan amawadziwa onse. Nyanjanso imakhala yabata miyezi yochepa, cha mu Epulo ndi Okutobala.

Pomwe Normandy ingakusocheretseni ndi pa zida. Masiku ano masetilaiti amaona sitima zikusonkhana padoko, monga dziko lonse linaonera asilikali a Russia akuunjikana m'malire a Ukraine miyezi ingapo nkhondo isanayambe. Chinyengo cha Patton lero sichingayende mophweka. Ndiponso sitima yaikulu imamira ndi mzinga umodzi kapena iwiri. Pa nkhondo yolimbirana zilumba za Falklands, pa 25 Meyi 1982, Argentina inaphulitsa sitima yakatundu ya Britain, Atlantic Conveyor, ndi mizinga ya Exocet. Munali mahelikoputa akuluakulu oti azinyamula asilikali, ndipo mwa anayi a mtundu wa Chinook inapulumuka imodzi yokha. Asilikali ambiri anayenda wapansi makilomita pafupifupi 90 m'chisanu, katundu ali kumsana. Britain inapambanabe, koma onani mmene sitima imodzi yakatundu inasinthira dongosolo lonse. Mu Epulo 2022 Ukraine, yomwe ilibe sitima zankhondo zodalirika, inamiza Moskva, sitima yaikulu yankhondo ya Russia, ndi mizinga yoombera kuchokera kumtunda. Taiwan ili ndi mizinga yotereyi, ina yopanga yokha.

Pali chinanso chofunika kusamala nacho. Akuluakulu a asilikali nawonso amawerenga mbiri yomweyi, ndipo nthawi zina imawapusitsa. Pa 24 Febuluwale 2022 Russia inatumiza asilikali pa mahelikoputa kukalanda bwalo la ndege la Hostomel pafupi ndi Kyiv, kuti ndege zikuluzikulu zitere ndi gulu lachiwiri. Njira imeneyi inawayendera bwino nthawi ya Soviet Union ku Prague mu 1968 ndi ku Kabul mu 1979. Koma Aukraine anaombera bwalolo mpaka ndege sizikanatha kutera, mdipiti wa magalimoto wotalika makilomita oposa 60 unaima panjira, ndipo pofika kumayambiriro kwa Epulo anali atachoka kumpoto konseko. Nalonso linali vuto la ku Kinmen lomwe lija, kungoti la pamtunda.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti China ikaganiza zogwiritsa ntchito mphamvu, ikhoza kuyamba ndi kuzinga chilumbacho. Taiwan imagula kunja pafupifupi mafuta, gasi ndi malasha ake onse, ndipo zonsezi zimafika pasitima. Mu Ogasiti 2022, Nancy Pelosi, yemwe panthawiyo anali sipikala wa nyumba ya malamulo ya Amerika, atachezera Taipei, likulu la Taiwan, China inachita zoyeserera zankhondo mbali zonse za chilumbacho, ndipo mizinga ina inadutsa pamwamba pake. Kuzinga nako kuli ndi vuto lake: kumatenga nthawi, ndipo nthawiyo imapatsa Amerika ndi Japan mpata woganiza chochita. Ifenso kuno tisamaione ngati nkhani ya eni. Tinaona mmene mitengo ya feteleza ndi mafuta inakwerera itayamba nkhondo ya ku Ukraine, ndipo katundu wambiri wa m'mashopu mwathu amachokera m'madoko a ku China oyang'anizana ndi nyanja zomwezo.

Mukafuna kutsatira nkhaniyi, achimwene, chiwerengero cha asilikali a China chisakutengeni mtima kwambiri. Werengani za sitima zonyamula magalimoto, zija za anthu wamba, zomwe asilikali awo akhala akuzigwiritsa ntchito pa zoyeserera kunyamula akasinja. Kumayambiriro kwa 2025 zithunzi zinaonetsanso zombo zatsopano zomangidwa ku Guangzhou, zokhala ndi miyendo yozika pansi pa nyanja ndi milatho yaitali yofika mpaka kumtunda, ndipo akatswiri atangoziona anakumbuka ma Mulberry aja. Zikamachuluka zombo zimenezo, dziwani kuti ku Beijing akulimbana ndi funso la gulu lachiwiri, lomwe linawakanika ku Kinmen mu 1949.