Ndigule wailesi pano kapena ndidikire yatsopano?

FUNSO: Akonzi, ndakhala ndikusunga ndalama zogulira wailesi ya amateur, ija anthu wamba amalankhulirana okhaokha, yolankhulira kutali pa mafunde otchedwa HF. Mtima wanga unali pa Icom IC-7300, koma ndamva kuti kwabwera IC-7300MK2. Anzanga akuti ndisapupulume, zabwino zili m'njira. Nditani?
Wowerenga, Zomba

YANKHO: Achimwene, tiyambe ndi zimene simunatchule. Chiphaso muli nacho? Kuno ku Malawi simungalankhule pa mafunde a amateur popanda chiphaso cha MACRA, ndipo dzina lanu loitanira limayamba ndi 7Q. Ku Zambia chimachokera ku ZICTA, dzina limayamba ndi 9J. Ngati chiphaso, eriyo ndi magetsi zili tayale, gulani. Ngati zisanakonzeke, nthawi yodikirayo muithere pa zimenezi.

Wailesi za HF sizikalamba msanga ngati mafoni. IC-7300 inalowa m'masitolo mu 2016, ndipo panadutsa zaka 9 kuti MK2 ilengezedwe pa chionetsero cha Tokyo Ham Fair mu Ogasiti 2025. Zonse ziwiri zimatulutsa mphamvu ya 100W. Munthu wa ku Brazil amene akukumvani pa 14 MHz sangasiyanitse kuti mwagwira iti. Zimene MK2 yawonjezera ndi monga HDMI yolumikizira sikirini yaikulu, USB-C, LAN yoyendetsera wailesi muli kwina, ndi polumikizira eriyo yachiwiri yongomvetsera. Dzifunseni kuti mwa zimenezi mugwiritsa ntchito chiti mwezi uno. Mukalephera kutchula ngakhale chimodzi, palibe chimene mukudikira.

Komanso kulengeza ndi kugulitsa ndi zinthu ziwiri. IC-705 anaionetsa mu Ogasiti 2019, koma anthu anayamba kuigula chapakati pa 2020. Yaesu FTX-1 inaoneka mu 2024, n'kufika m'masitolo mu 2025. Wailesi yatsopano ikafikanso, zoyamba kutuluka nthawi zambiri zimakhala ndi tizolakwika m'pulogalamu ya m'kati, ija amati firmware, ndipo kampani imakonza pang'onopang'ono. Wa ku Germany ikamuvuta amangoibweza kusitolo. Inu wa ku Zomba mulipira ulendo wake wopita ku South Africa kapena kupitirira apo. N'chifukwa chake timati wailesi yatsopano muziisiya ithe miyezi 6 m'manja mwa ena.

Kudikira kuli ndi mtengo wake. Choyamba ndi dzuwa. Mafunde a HF amafika kutali chifukwa amanjanja m'mwamba, ndipo mphamvu ya dzuwa imene imachititsa zimenezi imakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi 11. Mabungwe a sayansi a ku America a NASA ndi NOAA analengeza mu Okutobala 2024 kuti nyengo ino yafika pachimake. Kuchoka apo mafunde a 28 MHz ndi 21 MHz azinka nafooka mpaka cha m'ma 2030. Chaka chilichonse chimene mwakhala duu, mwataya masiku amene waya wamba ndi 20W zikanakufikitsani ku Ulaya. Chachiwiri ndi kwacha. Wailesi zimenezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha inatsika ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene ankasunga makwacha podikira wailesi yatsopano anadzuka m'mawa ndalama zake zitaperewera ngakhale yakale ija.

Pamene kudikira kumapindula ndi pomwe yatsopano yayamba kale kugulitsidwa, poti eni ake a yakale amayamba kugulitsa zawo motchipa kuti agule inayo.

FUNSO: Mlongo wanga wa ku Johannesburg wandipezera Yaesu FT-891 yogwirapo kale ntchito. Ayang'ane chiyani asanapereke ndalama?
Wowerenga, Lilongwe

YANKHO: FT-891 inatuluka mu 2016, ndi ya 100W, ndipo ndi yabwino. Dziwani kuti ilibe chyuna ya eriyo, kachipangizo kogwirizanitsa wailesi ndi eriyo, m'kati mwake, choncho mufunika eriyo yodulidwa pa muyeso kapena chyuna yapadera. Auzeni alongo anu kuti asalipire wogulitsa asanaiyatse pamaso pawo. Ailumikize ku dummy load ya 50 ohm, kachipangizo kolowa m'malo mwa eriyo poyesa wailesi, kudzera pa mita ya mphamvu, magetsi ali pa 13.8V, aiike pa CW (njira ya Morse) kapena FM, n'kuyesa bandi iliyonse, kutanthauza chigawo cha mafunde, payokha kuyambira 3.5 mpaka 28 MHz. Singano izifika pafupi ndi 100W. Ikamathera pa 30W kapena osasuntha n'komwe, nthawi zambiri ndiye kuti matransista omaliza anapsa chifukwa wina ankalankhula ndi eriyo yolakwika. Anunkhize pa timabowo ta mphepo ngati sipakutuluka fungo lakupsa, apotokole chosinthira mafunde aone ngati manambala sakudumpha, ayang'anenso ngati zomangira za chivundikiro sizinakandike, chomwe ndi chizindikiro chakuti wina anaitsegulapo. Asaiwale risiti, mudzaifuna polipira msonkho pamalire.

FUNSO: Ndalama zanga zikukwana wailesi yokha. Zina ndingadzagule pambuyo?
Wowerenga, Karonga

YANKHO: Ayi bambo, ndi bwino mugule wailesi yotsikirapo kuti patsale ndalama ya zinazo. Wailesi ya 100W imadya pafupifupi 1A mukamamvetsera ndi 21A mukamalankhula, ndiye pafunika power supply, bokosi lotsitsa magetsi a m'nyumba, ya 13.8V yopereka 25A kapena 30A. Ikachokera ku America onani kaswichi kakumbuyo: kakakhala pa 115V n'kuilumikiza pa 230V yathu, imapsa nthawi yomweyo. Ngati mudalira batire, mawaya akhale aafupi ndi onenepa, chifukwa magetsi akatsika pansi pa 11.7V mawu amasasa, mwinanso wailesi imazima mukangodina maikolofoni. Ma inverter otchipa a sola amadzaza wailesi ndi phokoso, choncho ilumikizeni ku batire mwachindunji.

Eriyo mupange nokha. Gawani 143 ndi MHz imene mukufuna: pa 14.2 MHz waya yense ndi mamita 10.07, kuudula pakati, mbali iliyonse ipitirire pang'ono mamita 5. Dulani motalikirapo, kwezani pa nsungwi ziwiri, n'kumafupikitsa masentimita angapo mbali zonse mpaka SWR, muyeso woonetsa ngati eriyo ikugwirizana ndi wailesi, itsike pansi pa 1.5. Nyengo ya dzinja mukamaliza kulankhula, zulani chingwe cha eriyo n'kuchitulutsa panja, poti mphezi ikagunda ngakhale pamtengo wa oyandikana nawo nyumba imatha kuwononga wailesi yozimitsa.