Funsani Azakhali: Zikang'a zanditopetsa, ndipitirize kupala ndi lezala?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala cha ku Chia m'boma la Nkhotakota. Ndimachita geni ya usipa. M'mamawa ndimakapikula kudoko, n'kuyenda nawo pamutu m'midzi mpaka dzuwa kupendeka. Khungu la kuchidendene ndi kunsi kwa chala chachikulu lakhuthala n'kuuma gwa, ndipo ikafika Okutobala limang'ambika mpaka kutuluka magazi. Loweruka lililonse ndimalipala ndi lezala koma silichedwa kubwerera. Mnzanga wina akuti ndizimata ming'aluyo ndi supagulu, wina akuti ndizipaka oyilo wa galimoto. Mwezi wamawa kuli ukwati wa mng'ono wanga ndipo ndikuchita manyazi. Ndithandizeni.

Mayi wa ku Chia

Zikomo mayi. Lezala ija kaitayeni m'chimbudzi lero lomwe. Ndikudziwa kuti mukangomaliza kupala phazi limaoneka see, mtima n'kukhala pansi, koma simukuchiza kanthu. Khungu lokhuthalalo si matenda. Thupi limalipanga dala pamalo pamene pakukhuzika kapena kulemedwa kwambiri, kuti mnofu wam'kati usavulale. Inu mumayenda tsiku lonse beseni lili pamutu, ndipo kulemera konseko kumakathera pachidendene. Mukapala n'kubwerera m'njira yomweyo ndi mapatapata omwewo, thupi limangoyambiranso kumanga. Komanso tsiku lina dzanja lidzaterereka, mudzacheka pamoyo, ndipo bala la kunsi kwa phazi kwa munthu woponda fumbi ndi ndowe ndi khomo la kafumbata.

Za Okutobalazi pali chifukwa chake. Kunsi kwa phazi kumatuluka thukuta lokha, khungu lake silitulutsa mafuta monga lichitira la kumaso. Kudoko mumalowa m'madzi, mukatuluka mumaponda mchenga wotentha, phazi kunyowa n'kuuma, kunyowa n'kuuma. Khungu lokhuthala likauma silitanuka. Mukaponda, mnofu wa chidendene umafutukukira m'mbali, khungu louma lija n'kusweka ngati dothi la m'munda wa mpunga madzi akaphwa. Mapatapata amawonjezera vutoli chifukwa alibe chogwira chidendene kumbuyo.

Ntchito yake ndi yamadzulo, mukaweruka. Thirani madzi ofunda m'beseni, osati otentha, muviike mapazi kwa mphindi 10 kapena 15 basi. Sopo akhale wosambira. Amayi ambiri kuno ku Salima ndimawaona akamaliza kuchapa akutsukira mapazi m'thovu la sopo waufa lotsalalo, amati lisapite pachabe. Sopo ameneyo anamupangira kuchotsa mafuta pa zovala, ndiye pakhungu amachitanso chimodzimodzi.

Khungu likafewa, tengani mwala wokwechera. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amakwecha ndi mkwiyo kufuna kuti zonse zithe usiku umodzi. Kwechani pang'onopang'ono, muchotse chapamwamba choyera chokhacho, kawiri kapena katatu pa sabata. Mukamva kuwawa kapena pakayamba kufiira, mwapyola. Pamene pali mng'alu wotuluka magazi mwala usafikepo. Mwalawo ukhale wanu nokha, ndipo muziutsuka n'kuuyanika padzuwa.

Mukatero pukutani bwino, makamaka pakati pa zala, n'kupaka vaselini wambiri phazi lisanaumiretu, kuti atsekere chinyezi m'kati. Pakati pa zala musapakepo, pamenepo pamafuna pouma. Valani masokosi a thonje mugone nawo. Inde, kumuuza munthu wa kunyanja kuti agone ndi masokosi m'nyengo yotentha kuli ngati kumutukwana, ndiye mukalephera, avaleni kwa maola awiri muli pamkeka, muwavule pokagona. Ngati geni yayenda, funsani ku famase mafuta a mapazi okhala ndi mankhwala otchedwa urea, pachubu pamalembedwa 10% mpaka 25%. Amenewa amaposa vaselini chifukwa amafewetsa khungu lakufalo mpaka kumayoyoka lokha pokwecha. Amaluma pang'ono akalowa mumng'alu, choncho dikirani mabala atseke kaye.

Anzanu aja amakufunirani zabwino koma musawamvere. M'zipatala zina muli guluu wotsekera mabala, koma si supagulu wa kugolosale, amene akhoza kutsekera dothi m'kati bala n'kuyamba mafinya. Oyilo wa galimoto, makamaka wakutha uja, ali ndi zinthu zoipa zowononga khungu. Mng'alu wakuya utsukeni ndi madzi owiritsa amene azizira, othira kamchere pang'ono, pukutani, pakani vaselini n'kumata pulasitala kuti fumbi lisalowe. Pakatupa, pakatentha, pakatuluka mafinya, kapena mukamva mwanabere m'mphechepeche, pitani kuchipatala, ndipo mukafunsenso ngati katemera wanu wa kafumbata akadali ndi mphamvu.

Zonsezi zingofewetsa. Chimene chingachititse kuti khungulo lisamabwerere msanga ndi chovala kuphazi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muikepo kandalama, ngakhale mafuta a ku famase aja musagule. Tembenuzani mapatapata anu muwaone kunsi. Pamene adyeka kwambiri ndi pomwenso phazi lanu lakhuthala, ndikutsimikiza. Pezani nsapato zansalu zotseka kumbuyo, zokhala ndi soli yochindikala koma yofewa. Kudoko muzilowa m'madzi ndi mapatapata, mukayamba ulendo wa m'midzi muzipukuta mapazi n'kuvala nsapato ndi masokosi. Pogula pa kaunjika pisani dzanja m'kati mumve ngati muli msoko wotumphuka, muonenso ngati soli sinadyeke mbali imodzi, chifukwa nsapato yotero inazolowera kapondedwe ka mwini wake woyamba ndipo idzakupweteketsani pena. Muziyesa madzulo, nthawi imene mapazi amakhala atafufuma pang'ono, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kuzitsala mpata wokwana chala chanu chachikulu cha kudzanja mopingasa. Pa khungu lokhuthala la kunsi kwa chala chachikulucho, dulani kasiponji kofewa, mubowole pakati, mukaike mu nsapato kuti kulemera kuzigwera m'mbali.

Muonetsetsenso kuti n'zikang'adi. Njerewere ya kunsi kwa phazi imafanana nazo, koma imakhala ndi timadontho takuda ndipo imawawa mukaitsina m'mbali. Tekenya amaoneka koyera kozungulira kokhala ndi kadontho kakuda pakati, ndipo amayabwa. Ngati khungu likusendeka moyera n'kumayabwa pakati pa zala, amenewo ndi matenda ena apakhungu amene vaselini sangathetse. Kuchipatala amapereka mankhwala opaka monga Whitfield kapena clotrimazole.

Za ukwatizo musadandaule. Khungu limasinthika m'masabata anayi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mukalimbikira usiku uliwonse ming'alu imatseka nthawiyo isanakwane. Mapazi a khanda simukhala nawo, ndipo sindikufuna mukhale nawo, munthu woyenda ngati inu amafunika khungu lolimbako. Nsapato za paukwati muyambe kuzivala pakhomo masiku angapo tsikulo lisanafike, kuopa kuvina pelekanipelekani ndi matuza.

Azakhali,

Bambo anga ali ndi zaka 61, amalima mpunga ku Lifuwu ndipo ali ndi matenda a shuga. Kunsi kwa phazi lawo kuli khungu lolimba limene layamba kuda pakati. Iwo akuti silikuwawa ndiye palibe vuto. Ndawagulira timapulasitala tamankhwala tochotsera khungu lolimba. Ndiziwamata kangati?

Mnyamata wa ku Salima

Mwana wanga, usawamate ngakhale kamodzi. Timapulasitala timeneto timakhala ndi salicylic acid, mankhwala amene amadya khungu osasankha lakufa ndi lamoyo, ndipo kwa munthu wa shuga tikhoza kusiya bala losapola. Zimene ndawauza mayi a ku Chia zoviika ndi kukwecha, bambo ako si zawo.

Kusawawako ndiye kukundiopsa. Shuga akakhalitsa amawononga mitsempha ya kumapazi, munthu osamvanso kuwawa, kutentha kapena minga, komanso magazi sayenda bwino kumeneko. Khungu lolimba likada pakati, nthawi zambiri ndiye kuti magazi atuluka kunsi kwake ndipo bala layamba m'kati. Mabala otere akachedwetsedwa amafikitsa munthu podulidwa chala kapena mwendo. Khate nalonso limachititsa dzanzi lotere, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala zaboma.

Upite nawo ku chipatala chachikulu cha Salima sabata ino, osadikira tsiku lawo la kiliniki ya shuga, ndipo akavule nsapato adokotala aone phazilo ndi maso awo. Akulu ambiri amakangolandira mankhwala n'kubwerako phazi osalitchula, ndiye ukalowe nawo m'chipindamo ukanene ndiwe. Podikira ulendowo asalowe m'matope a kumunda, asayende opanda nsapato ngakhale pabwalo, asawothe mapazi pamoto, ndipo madzi osamba uziyamba wawayesa ndi chigongono chako. Madzulo aliwonse uziwayang'ana kunsi kwa mapazi onse awiri ndi pakati pa zala, m'mawa uzikutumula nsapato zawo asanavale, mwina mwalowa kamwala kamene iwo sangakamve.