Mbalame imodzi, kope limodzi

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti amakonda mbalame zakutchire, koma alibe choonera patali ngakhale digiri, ndiye ayambire pati kuphunzira khalidwe la mbalamezo? Mayi, mwandiponda pachilonda.

Ine ndinataya zaka zitatu ndikuthamangitsa mayina. Ndikaona mbalame yachilendo, chonga m'kope, ulendo. Masamba anadzaza, koma mukanandifunsa mmene njiwa imadyetsera ana ake, ndikanangoti kakasi. Unandiphunzitsa ndi mwendo. Nditathyoka ndinangokhala pawindo milungu yambirimbiri, ndipo mumtengo wapafupi njiwa ziwiri zinali zitamanga kachisa kosalongosoka, timitengo towerengeka, moti mazira awiriwo ankaonekera kunsi. Zinkasinthana pofungatira, ina masana, inayo kuyambira madzulo mpaka kutacha. Ana ataswa, ankapisa milomo kukamwa kwa kholo n'kumameza zoyera ngati mkaka. Ndinachita manyazi ndi kope langa lija.

Ndinene mosapsatira: kuwerenga mitundu si kudziwa mbalame, ndi mpikisano chabe. Margaret Morse Nice, mayi wa ana asanu, anatha zaka akuyang'ana timbalame totchedwa song sparrow pafupi ndi nyumba yake ku Columbus, Ohio, ku America. Ankativeka timphete tamitundumitundu m'miyendo kuti azidziwa aka ndi kati, ndipo zomwe anasindikiza mu 1937 ndi 1943 akatswiri amazilemekezabe. Niko Tinbergen, katswiri wa khalidwe la nyama amene analandira mphoto ya Nobel mu 1973, anadabwa ndi kanthu kochepetsetsa: bwanji mbalame za kunyanja zotchedwa gull zimanyamula chigoba cha dzira kukataya kutali mwana akaswa? Anayala mazira pansi, ena pafupi ndi zigoba, ena paokha. Akhwangwala sanachedwe kupeza mazira oyandikana ndi zigobawo, kusonyeza kuti chigoba chimaulula chisa kwa adani.

Nanga poyambira?

Dikirani kaye, pali china chimandinyansa. Anthufe timafulumira kulemba kuti "mbalame yakwiya" kapena "ikulira mwamuna wake". Mwadziwa bwanji, inakuuzani? Lembani zomwe maso aona: yatukumula nthenga, yathamangitsa inzake katatu, yabwerera panthambi yomweyo. Inenso ndimapezeka ndalemba zotero, kenako n'kufufuta.

Tsono inu mayi, sankhani mbalame imodzi yomwe mumaiona tsiku lililonse. Khalani pamalo amodzi mphindi 20 m'mamawa, lembani tsiku, nthawi ndi nyengo, ndipo chisa musachiyandikire. Pakatha mwezi mundilemberenso, mundiuze chomwe chakudabwitsani.