Mbiri ndi mafilimu a m'ma 1940 mpaka 1960: pitani komwe zenizenizo zimasungidwa

Achemwali, mwafunsa masamba a pa intaneti omwe munthu angapezepo mbiri ya zaka za m'ma 1940 mpaka 1960, mavalidwe ndi nyimbo za nthawi imeneyo, komanso mafilimu akale aja opanda mitundu. Ena mugulu muno akutchulirani kale masamba a Facebook omwe amaponya zithunzi zakale tsiku ndi tsiku. Amenewo ngabwino pongodzutsira chidwi, koma musawadalire. Ambiri amapaka zithunzi utoto ndi kompyuta n'kulembapo chaka chongoganizira, ndipo chithunzi chimodzimodzicho lero amati ndi Blantyre, mawa amati ndi Lusaka. Ine ndikulozerani kwa eni nkhokwe, komwe chinthu chilichonse chili ndi tsiku lake komanso dzina la amene adachijambula.

Yambirani pa archive.org. Imeneyi ndi Internet Archive, laibulale yomwe Brewster Kahle adayambitsa mu 1996 ku San Francisco, ndipo simulipira kanthu. Mafilimu ambiri omwe umwini wake udatha ali pamenepo athunthu, monga His Girl Friday ya 1940 ndi Detour ya 1945. Koma chomwe ndimachikonda kwambiri ndi gawo la Prelinger Archives. Muli timafilimu tatifupi ta ku America totsatsa malonda, tophunzitsa ana asukulu makhalidwe, toonetsa ntchito za m'mafakitale. Poti sadatikonze kuti tikhale tosangalatsa, timaonetsa moyo mosabisa: firiji ya makona ozungulira, mayi atavala apuloni pamwamba pa diresi yotambalala, banja lonse litazinga wailesi yaikulu ngati kabati. Za bandulo musade nkhawa kwambiri. Pambali pa filimu iliyonse amaika mafayilo a kukula kosiyanasiyana. Sankhani yaing'ono, muitsitse pomwe mwapeza WiFi, mukaonere kunyumba.

Pa nkhani za mbiri, British Pathé ndiye mwini bwalo. Iwowa ankakonza nkhani za pakanema zomwe zinkaonetsedwa m'nyumba za mafilimu filimu yeniyeni isanayambe, kuchokera 1910 mpaka 1970. Mu 2014 adaika mafilimu pafupifupi 85,000 pa YouTube. Ambiri ndi a mphindi ziwiri kapena zitatu, amayamba ndi tambala wawo uja, kenako mawu a mzungu wolankhula mothamanga, limba likulira kumbuyo. Pofufuza za kwathu kuno gwiritsani ntchito mayina a nthawiyo, chifukwa ndi omwe adalembedwa m'kaundula: Nyasaland osati Malawi, Salisbury osati Harare, Fort Johnston pofuna Mangochi, Port Herald pofuna Nsanje, Fort Jameson pofuna Chipata. Ambiri amalemba dzina la lero, sapeza kanthu, n'kumati za kwathu kulibe.

Apa ndiye ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa mpomwe mtima wanga uli. Pali tsamba la colonialfilm.org.uk, lomwe lidasonkhanitsa kaundula wa mafilimu oposa 6,000 okhudza maiko omwe Britain inkalamulira, kuchokera ku nkhokwe za British Film Institute, Imperial War Museum ndi ena. Ena mwa mafilimuwo mutha kuwaonera pomwepo, ndipo ena ali ndi nkhani yolembedwa ndi akatswiri yofotokoza yemwe adapereka ndalama zojambulira komanso chomwe ankafuna. Pamenepo mudzawerenga za Central African Film Unit, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1948 ku Salisbury kuti lizikonzera mafilimu anthu akuda a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja, mpaka chitaganya chidatha mu 1963. Mafilimuwo ankayenda pa galimoto m'midzi, nsalu n'kuikoloweka poyera dzuwa likalowa, ndipo ambiri analibe mawu, moti pamakhala womasulira wofotokozera anthu m'chinenero chawo. Ankaphunzitsa kulima m'mizere, kusunga ndalama ku positi ofesi, kumvera boma. Agogo athu ali m'menemo, akulima, akuvina, atanyamula katundu, koma kamera inali m'manja mwa atsamunda, ndipo mawu awo eniake samveka. Muziona ndi maso awiri: limodzi pa zomwe wojambula ankafuna kuti muone, lina pa zomwe zidangolowamo mwangozi, monga kamangidwe ka nkhokwe, kapesedwe ka tsitsi, nkhope ya mwana woyang'ana kamera mokayika.

N'chifukwa chake kanema payekha sakwanira. Mukaona za State of Emergency (lamulo la nthawi ya chipwirikiti lomwe boma la atsamunda lidalengeza) ya pa 3 Marichi 1959, pomwe Dr. Banda ndi atsogoleri ena a chipani cha Nyasaland African Congress adamangidwa ndipo anthu oposa 50 adaphedwa, pitani mukawerenge Hansard, kaundula wa zokambirana za m'nyumba ya malamulo ya ku Britain. Ali pa intaneti, waulere. Funani mtsutso wa pa 28 Julayi 1959 wokhudza lipoti la Devlin, woweruza yemwe adatsogolera kafukufuku wa zomwe zidachitikazo, lomwe lidanena poyera kuti Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ngakhale kwa kanthawi. Mudzaona momwe boma la nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, lidalimbanirana ndi lipoti lomwe lidaitanitsa lokha. Ndi nkhani yaitali, Chingerezi chake n'cholemera, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Muwonjezerepo Nyasaland Journal, yomwe idayamba mu 1948 ndipo lero ndi Society of Malawi Journal. Ili pa JSTOR, tsamba losunga magazini a kafukufuku, komwe munthu akalembetsa amaloledwa kuwerenga nkhani zingapo mwezi uliwonse osalipira.

Kubwerera ku Hollywood, ngati mukufuna kudziwa zambiri kuposa kungoonera, pali Media History Digital Library. Adajambula magazini akale a zamafilimu tsamba ndi tsamba, monga Photoplay ndi Motion Picture Herald, ndipo ali ndi chofufuzira chotchedwa Lantern. Mukalemba dzina la filimu, mumaona zomwe eni nyumba za kanema ankanena chaka chomwe idatuluka, osati zomwe anthu akuganiza lero. Pofuna kutsimikiza chaka, wotsogolera ndi osewera, AFI Catalog ya American Film Institute njodalirika kuposa masamba omwe aliyense amalembapo. Tsamba la Turner Classic Movies lilinso ndi nkhani zabwino. BFI Player, tsamba loonerapo mafilimu la British Film Institute, musatayepo nthawi ngati simuli ku Britain, mafilimu ake satseguka kunja.

Za mavalidwe ndi zokongoletsa m'nyumba, magazini a LIFE a 1936 mpaka 1972 ali pa Google Books athunthu, malonda ndi zonse. Musadumphe masamba a malondawo, ndi omwe amaonetsa mitengo, magalimoto, ndi zomwe anthu ankalakalaka. Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, nayo ili ndi zithunzi zankhaninkhani za 1935 mpaka 1944 zomwe boma la America lidatumiza akatswiri kukajambula m'midzi ndi m'mafakitale, ndipo mutha kuzitsitsa.

Koma moyo wa m'ma 50 sunali wa azungu okha. Funani zithunzi za magazini ya Drum, yomwe idayamba mu 1951 ku South Africa. Zimasungidwa ndi Bailey's African History Archive. Ojambula ngati Bob Gosani, Peter Magubane ndi Jürgen Schadeberg adajambula moyo wa ku Sophiatown, dera la ku Joni, masuti opsa, zipewa zopendekeka, oimba jazi, koma boma lidayamba kugumula dera limenelo mu 1955. Ambiri mwa agogo athu omwe adapita ku Joni adabwerako ndi kavalidwe kameneka. Mbiri yozungulira zithunzizo muipeza pa South African History Online.

Nyimbo zakwathu za nthawiyo, funani dzina la Hugh Tracey. Iye adayenda ndi makina ojambulira mawu m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zomwe adajambula, bangwe, kalimba, nyimbo za pamtondo, zili ku International Library of African Music, yomwe adayambitsa mu 1954 ndipo pano ili ku Rhodes University. Kampani ya SWP Records idatulutsa zimbale ziwiri za nyimbo za ku Malawi zochokera m'nkhokwe imeneyi. Mukazipeza, achemwali, mukaike pomwe pali achikulire a m'banja mwanu, chifukwa iwo ndi omwe angakuuzeni gule wake ndi nthawi yomwe nyimbo iliyonse inkaimbidwa.